Kutsatira Kabotolo ka Magazi a Mwana

Pachipata cha chipatala chachikulu chimene ndinapitako, malonda amayamba kusanache. Amayi a mandasi, anyamata a mayunitsi ndi bambo wa mabeseni apulasitiki andanda m'mbali mwa mpanda. Ndasi limodzi linali pa K300, nthochi zitatu K500. M'kati chithandizo ndi chaulere, koma wodikirira matenda amafunika sopo, makala ndi ndiwo, ndipo zonsezi amagula pomwepa.

Kukafika kuwodi ya ana odwala khansa kunanditengera mphindi ngati khumi, ndikudutsa m'makhonde aatali momwe machira a mateyala olira amakukankhira kukhoma. Pansi anali atangokolopa, ndipo fungo la Jik linandiyetsemulitsa mpaka pakhomo.

Ndinkayembekezera bata. Ndinapeza phokoso. Wailesi ya kanema ikulira, ana awiri opanda tsitsi akulimbirana galimoto ya mawaya, amayi akupalasa phala la Likuni m'makapu. Anamwino amene anandilandira anandiyendetsa bedi ndi bedi, akutchula matenda motsitsa mawu: uyu ndi Burkitt, uyo ndi Wilms ya mu impso, winayo ndi khansa ya m'magazi, wapakonayo ndi Kaposi. Tinaima pa bedi la kamnyamata ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, diso lake lakumanzere litatuzuka.

"Agogo, lero titenganso magazi pang'ono," anatero anamwino kwa agogo a mwanayo.

"Tengani, mwana wanga. Bola achire."

Matenda a kamnyamatako ndi rhabdomyosarcoma, khansa yochokera m'maselo amene anayenera kudzakhala minofu. Mwa khansa zonse za m'minofu yofewa zimene zimagwira ana, pafupifupi theka ndi imeneyi. Imakonda m'mutu ndi m'khosi, kuseri kwa diso, m'chikhodzodzo ndi kumaliseche, komanso m'manja ndi m'miyendo. Amathana nayo ndi mankhwala monga vincristine, actinomycin D ndi cyclophosphamide, kuphatikiza opaleshoni ndi kuwotcha chotupa ndi cheza. M'mayiko olemera ana pafupifupi 70 pa 100 alionse amapulumuka, koma ikafalikira kutali, monga m'mapapo kapena m'mafupa, opulumuka sakwana 30 pa 100. Choncho funso limene dokotala amakhala nalo tsiku loyamba ndi lakuti mwana uyu ali mbali iti.

Mwanayo sanalire. Anangoyang'ana kumbali. Magazi analowa m'kabotolo ka chivindikiro chofiirira, kamene kali ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo ine ndinatsatira wantchito amene anakanyamula m'bokosi lozizira. Ankayenda mwachangu moti ndinafika kulabu ndili wefuwefu.

Kulabu n'kozizira, ndipo kumamveka kulira kwa mafiriji basi. Makina owerenga maselo ndi aakulu ngati kabati yaing'ono. Anayamwa kadontho, n'kung'ung'udza, ndipo pasanathe mphindi ziwiri pepala linatuluka. Pashelefu ina panali timachubu tatitali titaimikidwa chilili, momwe amayang'ana kuti maselo ofiira atsika bwanji pa ola limodzi. Akatsika msanga, kawirikawiri ndiye kuti penapake m'thupi mwatukusira.

Ndi pepalalo tinalowa m'kachipinda ka adokotala, kothina, kodzaza mafayilo mpaka pampando umene ndinayenera kukhalapo. Ndinaima. Adokotala anazunguliza mizere iwiri ndi cholembera. Wina unali wa ma neutrophil, maselo oyera amene amathamangira koyamba pakachitika vuto. Wina unali wa ma lymphocyte, amene mwa ntchito zawo muli kusaka ndi kupha maselo osokonekera. Kuti ndimve, analemba chitsanzo kuseri kwa pepala: ma neutrophil 6.0, ma lymphocyte 2.0, ukagawa upeza 3. Nambala imeneyi amaitcha NLR.

Basi. Palibe makina atsopano, palibe ndalama yowonjezera.

Anafotokoza kuti chotupa sichikhala chete. Chimatulutsa timauthenga monga interleukin-6, ndipo chiwindi chikatilandira chimapanga puloteni wotchedwa CRP wambiri n'kuchepetsa wina wotchedwa albumin. M'mafupa mumatuluka ma neutrophil ndi ma platelet (othandiza magazi kuundana) ochuluka, ndipo ena mwa maselo amenewa amathandiza chotupacho kumera timitsempha ta magazi n'kufooketsa ma lymphocyte. Ndiye NLR ikakwera, kawirikawiri zimasonyeza kuti chotupa chili ndi mphamvu ndipo chitetezo chikugonja. Ganizoli ndi lakale. Mu 1863 Rudolf Virchow wa ku Germany anaona maselo oyera m'kati mwa zotupa n'kulumikiza khansa ndi kutukusira. CRP anaipeza William Tillett ndi Thomas Francis ku New York mu 1930. Ku Glasgow anadzakonza muyeso wophatikiza ziwiri: CRP yopitirira 10 mg pa lita ndi albumin yochepera 35 g pa lita, zikapezeka pamodzi, wodwala khansa amakhala pangozi yaikulu. Kwa akuluakulu odwala khansa za m'minofu yofewa, kafukufuku wambiri wasonyeza kuti NLR ndi CRP zokwera chithandizo chisanayambe zimayendera limodzi ndi kufa msanga. Kwa ana kafukufuku ndi wochepa, wa magulu ang'onoang'ono, ndipo wambiri ndi wofukula m'mafayilo akale.

Ndinasangalala kwambiri kumva zimenezi, pokumbukira agogo aja ndi mdzukulu wawo. Adokotala anapukusa mutu pang'ono.

"Bambo, magazi a mwana wa kuno amanena zambiri nthawi imodzi."

Malungo amakweza CRP ndi kugwetsa ma platelet. TB imakweza CRP. HIV imadya ma lymphocyte. Mwana wotupikana ndi njala amakhala ndi albumin wotsika ngakhale alibe chotupa chilichonse, ndipo ana ambiri a m'wodi ija anafika atanyentchera kale, n'chifukwa chake pakabati iliyonse panali paketi ya chiponde. Chotupa chimene chaphulika n'kulowa mafinya chimakwezanso ma neutrophil. Palinso msinkhu: mwana wosakwana zaka zinayi kapena zisanu mwachibadwa amakhala ndi ma lymphocyte ambiri kuposa ma neutrophil, kotero malire a akuluakulu sangamuyenere. Komanso anthu ambiri a mu Africa amabadwa ndi ma neutrophil ocheperako popanda matenda alionse. Malire okonzedwa ku Ulaya kapena ku China angamuike mwana wa ku Ntcheu m'gulu lolakwika.

Pamenepa ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse. Nambala yotchipa chonchi ingatiyese kuti tiikhulupirire msanga, pamene chimene chikusankhidwa ndi kuchuluka kwa mankhwala oopsa olowa m'thupi la mwana. Zimene zimatsogolerabe ndi malo a chotupa, kukula kwake, ngati chafalikira, ndi zimene kachidutswa kake kaonetsa pa maikulosikopu, makamaka ngati chili cha mtundu wa alveolar wokhala ndi jini yolumikizana ya PAX3-FOXO1, umene ndi wouma mutu. NLR ndi CRP zingangowonjezera pa zimenezi.

Potuluka anandionetsa buku lalikulu la chikuto cholimba. Mzere uliwonse ndi mwana: tsiku lofika, kulemera, zotsatira za malungo ndi HIV, manambala a magazi a tsiku loyamba. Danga lomaliza ndi la mmene zinathera, ndipo m'malo ambiri linali lopanda kanthu, chifukwa mabanja ena akabwerera kumudzi ndalama yokwerera basi imasowa, foni n'kuleka kugwira. Popanda danga limenelo palibe angadziwe ngati NLR ikunena zoona kwa ana athu. Masana amenewo anamwino awiri anali atakhala ndi bukulo ndi foni ya wodi, akuimbira mabanja limodzilimodzi.