Msuweni wanga, chisoti ndi dongo la anganga

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero za galamala tiziike kaye pambali. Ndikufuna ndikuuzeni za msuweni wanga, komanso za manyazi amene anandigwira pamaso pa ana anga a kalasi yachisanu.

Awirife tinakulira pakhomo limodzi, kwa anganga, kuno ku Entre Lagos. Amene simunafikeko, dera lino lili pakati pa nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa, ndipo ukangowoloka malire wafika pa Nayuchi. Madambo ndi ambiri, ndipo pakati pake padutsa mtumbira wa njanji. Njanjiyo inafika kuno mu 1970, kulumikiza Malawi ndi doko la Nacala kudzera ku Cuamba, komwe ndi makilomita 77 kuchokera pano. Ife tinaipeza itatopa ndi nkhondo, sitima ikuyenda mokwawa ngati nkhalamba.

Anganga anali mmisiri woumba mbiya. Loweruka lililonse ankatitenga kukakumba dongo kudambo. Asanalole kuti tisenze, ankatsinako pang'ono, kulinyowetsa, n'kulipota pachikhatho mpaka likhale ngati nyongolotsi. Likaduka msanga ankati, "Ili ndi lamchenga, lisiyeni." Likatalika osaduka ankati n'lonona kwambiri, lifunika kusakaniza ndi phale losinja, apo ayi mphika udzang'aluka pouma. Ine maganizo anali pa khosi langa ndi kutalika kwa njira. Mnzangayo ankafunsa mafunso mpaka anganga kumuopseza ndi mthiko.

Titamaliza sekondale ku Cuamba, ine ndinalowa sukulu ya uphunzitsi. Iye anapita ku Beira, ku UniZambeze, kukaphunzira uinjiniya wa misewu, milatho ndi nyumba. Achibale ena anaseka, amvekere mkazi adzatani ndi simenti. M'kalasi mwawo atsikana ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi.

Tsiku lina usiku anandiimbira foni akuseka osatha kuyankhula. "Iwe, ukudziwa chimene atiphunzitsa lero mu labotale? Kupota dongo!" Ndinayesa chisuweni chabe. Koma n'zoona. Mainjiniya asanayale msewu amayeza dothi, ndipo imodzi mwa njira zake ndi kupota dongo lonyowa mpaka lionde kufika mamilimita atatu. Likayamba kuyoyoka pamenepo, amayeza madzi amene latsala nawo, ndipo nambalayo imawathandiza kudziwa khalidwe la dothilo. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Albert Atterberg, katswiri wa ku Sweden amene anaifotokoza mu 1911. Anzake ankavutika, dongo likuwamatirira m'zala. Iye anangopota kamodzi.

Musaone ngati ndi masewera. Dothi lathu la makande limatupa likamwa madzi, likauma limang'aluka ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowamo. Ukayala msewu pamwamba pake osalisamala, dzinja limodzi lokha msewu wasweka. N'chifukwa chake amalichotsa kapena kulikwirira ndi dothi lamiyala lochokera kwina, n'kumatsendera ndi makina pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa mzere. Pamene ankakonzanso njanji yathuyi kuti izinyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala-a-Velha, tonse tinaona magalimoto akutaya dothi ndi miyala miyezi ndi miyezi. Ine ndinkangoona fumbi pa zovala zimene ndayanika. Iye akabwera ku tchuthi ankaima m'mbali mwa mtumbira, n'kumandiwerengera makalavati ngati akuwerenga ana ake.

Ntchito anaipeza, koma sizinali zozuna monga timafotokozera ana. Pamalo ena pamene anayambira, tsiku loyamba kapitawo anamutuma kuti akaphike tiyi, poganiza kuti ndi mayi wodzagulitsa mandasi. Mawu amene iye wanena ankayamba kumveka mwamuna akawabwereza. Wakhala miyezi m'misasa ya m'mbali mwa misewu cha ku Mandimba ndi ku Ngauma, mwana wake wamng'ono ali kwa amayi ake, akumuimbira nyimbo yogonetsa pa foni pamene netiweki yalola. Ukwati wake nkhani yake ndi yaitali, ndipo si yanga kuti ndiinene.

M'zaka zonsezo sanasiye kuumba. Amasunga dongo m'chidebe, atalikulunga m'pulasitiki, ndipo Lamlungu masana anzake akamaonera mpira iye amakhala kuseri kwa msasa ndi chitsononkho ndi kamwala kosalazira. Koma kwa nthawi yaitali ankabisa. Anandiuza kuti, "Akangondiona ndi mbiya, basi ndasanduka mayi wakumudzi, ndipo mawa palibe andimvere ndikakana konkire yawo." Ine ndinamuvomereza. Ndinafika pomuuza kuti munthu wophunzira ngati iye azisiye zimenezo, miphika ya aluminiyamu yadzaza pamsika.

Chaka chatha ndinamupempha kuti adzayankhule ndi ana anga. Ndili ndi atsikana angapo akuthwa pa masamu, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa iwo makolo awo ayamba kale kuwerengera zaka zoti akwatiwe. Ndinkafuna aone ndi maso awo mkazi wobadwira pano atavala chisoti ndi jombo. Ndinamulangiza bwinobwino: "Uvale zakuntchito, uyankhule Chipwitikizi chambiri kuti aone kuti unaphunzira, ndipo za mbiya usatchule."

Anabwera ndi chisoti, inde. Koma pansi anamanga chitenje, ndipo pamutu, m'malo mwa chisoticho, anasenza beseni la dongo. Chisoti chinali m'manja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mundikhululukire, lero sindikumverani." Ana anafa nacho chiseko.

Anagawa timibulu ta dongo la mitundu iwiri, lakudambo ndi la kuseri kwa sukulu, n'kuuza mwana aliyense kuti apote. Zonse ankafotokoza m'Chinyanja, mawu a Chipwitikizi akungowaika apo ndi apo ngati mchere. Anawafunsa kuti ndi dothi liti angamangepo msewu, ndipo mkangano unabuka woti sindinauonepo pa phunziro langa lililonse. Anawauza kuti konkire siuma ngati chovala, imakhwima, n'chifukwa chake amaithirira madzi ndi kuiphimba, ndipo mphamvu yake amaiyeza patatha masiku 28. Kenaka anafunsa: "Nanga mphika wauwisi amauika padzuwa?" Kamtsikana kena, kamene chaka chonse sikanakwezepo mkono, kanayankha kuti ayi, amauika pamthunzi, ukauma mothamanga umang'aluka. Amayi ake amaumba. Ine mphunzitsi wake sindinkadziwa.

Atafunsa za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, aliyense anali ndi chonena, poti onse anaona madzi akudula njira. Anawajambulira pabolodi chifukwa chake kalavati yaing'ono imagonja: madzi akachuluka kuposa pakamwa pake amadikha, kenaka amadutsa pamwamba n'kuyamba kudya dothi la kumunsi.

Ndinakhala kumbuyo pa benchi ya ana, nkhope ikuyaka. Ine amene ndimalimbikitsa makolo kuti asachite manyazi ndi zakwathu, ndinali nditauza mdzukulu wa anganga kuti abise manja a anganga.

Madzulo tinapita kukawaona. Maso awo achita khungu tsopano, ndipo pa adzukulu onse amene atsala akuumba ndi injiniyayo yekha. Anawapatsa mtsuko umene anaumba kumsasa. Anganga anaupapasa kuyambira kukhosi mpaka kutsinde, anaugogoda ndi chala, n'kutchera khutu.

"Mbali iyi yanenepa," anatero. "Milatho yakonso umamanga chonchi?"

Msuweni wanga anaseka mpaka misozi. Mtsukowo uli m'kalasi mwanga, ana amamweramo. Kamtsikana kaja ndi kamene kamautsuka Lachisanu, ndipo sabata yatha kanandifunsa kuti kupita ku Beira pa basi ndi ndalama zingati.