Kachipangizo ka m'khutu sikogula ngati wailesi

Ana anga, sabata ino tikambe za makutu. Makolo ambiri akaona mwana sakuyankha poitanidwa amati ndi wamwano, kapena amati angochedwa kulankhula ngati bambo ake. Pa zaka zanga za unamwino ndinakumana ndi ana ambiri otere, ndipo vuto lenileni linali kusamva. Ena zinayamba atadwala malungo aakulu, chikuku kapena matenda oumitsa khosi. Ena ndi mankhwala amphamvu monga kwinini ndi gentamicin. Enanso khutu linatuluka mafinya miyezi yambiri, makolo akumangopukuta ndi kansalu.

Mwana amaphunzira kulankhula pomvera anthu. N'chifukwa chake akatswiri amafuna kuti vutoli lidziwike mwana asanapitirire miyezi 3 ndipo thandizo liyambe asanathe miyezi 6. Khanda losadzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, kapena mwana wa chaka ndi theka wosatchula ngakhale "amama", musamudikire kuti akule kaye.

Choyamba ndi kukayezetsa, osati kugula. Nthawi zina khutu langotsekeka ndi phula, akalichotsa basi munthu wayambanso kumva. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli mbali yoyeza makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku Area 47. Akayeza amaona mawu omwe munthuyo sakuwamva, poti kusamva sikufanana. Wina amamva ng'oma bwinobwino koma "s" ndi "f" zimamudutsa, ndiye amamva kuti mukulankhula koma osagwira mawuwo. Kachipangizo kabwino amakachuna pa kompyuta kuti kakweze mawu okhawo amene akusowa.

Apa ndiye pamene ndimatsutsana ndi achibale amtima wabwino. Mayi wina anabwera ndi kamtsikana katavala kachipangizo ka agogo ake omwe anamwalira, akudandaula kuti mwanayo akumangokavula n'kulira. Akanalekeranji kulira? Kanali kochunidwira khutu la nkhalamba. Chimodzimodzi tija totchipa timene achimwene amatumiza kuchokera ku Joni: timangokweza phokoso lililonse, la galimoto ndi la mbale lomwe, ndipo tingathe kuononga kumva kochepa komwe kanatsala.

Kwa ana, kabwino ndi kokoleka kuseri kwa khutu, kokhala ndi kachidutswa kofewa koumbidwa motengera khutu la mwanayo. Khutu likamakula kachidutswako kamayamba kukhwepa, ndiye mumamva kachipangizo kakuimba mluzu. Sikuti kaonongeka ayi, bwererani akaumbe kena. Tija tobisika m'kati mwa khutu n'tooneka bwino, koma kwa mwana kapena agogo a zala zonjenjemera n'tovuta.

Musanachoke kuchipatala funsani komwe muzikapeza mabatire. Ali ndi manambala, 10, 312, 13 ndi 675, ndipo nambala ina silowa m'malo mwa inzake. Mukamatula kapepala komata pa batire, dikirani mphindi imodzi musanaliike. Limatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, choncho muliwerengere pamodzi ndi sopo ndi mchere. Mabatirewa muziwabisa patali. Mwana akameza limodzi, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo. Madzi ndi thukuta ndi adani ake: kavuleni posamba ndi pa mvula, usiku tsegulani kachitseko ka batire n'kukaika m'kabotolo kouma.

Musayembekezere zozizwitsa tsiku loyamba. Munthu amene wakhala zaka ali chete amatopa ndi phokoso, mpaka apongozi ena amakaponya m'sutikesi. Pamatenga masabata kuti azolowere. Inu muziwayang'ana kumaso polankhula, osakuwa, ndipo wailesi muitsitse kaye.

Alipo ana amene kusamva kwawo n'kwakukulu moti kachipangizo sikakwanira. Ameneyo musamutsekere m'nyumba. Pali sukulu za ana osamva monga Mary View ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Chinenero chamanja akachiphunzire, koma nanunso bambo ndi mayi muchiphunzire, kuti akabwera ku holide apeze wocheza naye pakhomo.