KUSAMUTSA ZOLEMBA PA INTANETI: NYUMBA YAULERE IRI NDI MWINI WAKE

Anthu ambiri a m'dziko lathu lino amene amakonda kulemba sadikiranso kuti mkonzi wa nyuzi awapatse danga. Aphunzitsi, alimi, abusa ndiponso ana a sukulu ali ndi timasamba tao pa intaneti pomwe amaikapo nkhani zao, ndipo ambiri a iwo salipira ngakhale ngwee imodzi. Ici ndi cinthu cokondweretsa, maka-maka tikakumbukira kuti intaneti inakhazikika kuno mu 1994, pamene kampani ya ZAMNET inabadwa pa sukulu yaikulu ya University of Zambia. Komabe pali funso limene olemba ambiri sadzifunsa. Kodi malo amene tasungamo zolemba zathuzi ndi a yani, nanga tsiku limene eni ake adzawafuna tidzalowera kuti?

Ine funsoli linandipeza posacedwa. Kunja kwa nchito yanga ya utola-nkhani, ndakhala zaka zingapo ndikulemba m'Cinyanja za miyambo ya kwathu kum'mawa: za Kulamba ku Mkaika, za Nc'wala ku Mtenguleni, ndiponso zimene okalamba anandisimbira tiri pansi pa mtengo. Ena mwa okalambawo anatisiya kale, kotero kuti mau ao atsala m'zolembazo basi. Eni malo amene ndinali kusungamo, omwe sindiwachula dzina, analengeza kuti acepetsa danga la anthu osalipira. Cotero ndinayenera kufuna-funa kosamukira.

Ndisanasankhe, ndinayamba ndaona mbiri ya nyumba zotere, ndipo mbiriyo ndi yocititsa mantha. GeoCities, imene inayamba mu 1994, inasunga masamba a anthu mamiliyoni. Kampani ya Yahoo inaigula mu 1999 ndi ndalama zoposa madola 3 biliyoni, koma mu October 2009 inaitseka ku America ndi kumaiko ena ambiri. Zimene zinapulumuka ndi zomwe anthu odzipereka anathamangira kukopera masiku otsiriza. Posterous inagulidwa ndi Twitter mu 2012, ndipo pofika April 2013 inali itatsekedwa. Google+ inatsekedwa mu April 2019. Caka comweco MySpace inabvomereza kuti nyimbo zimene anthu anaikako kuyambira mu 2003 mpaka 2015 zinataika pomwe anali kusamutsa katundu kucoka pa makina ena kupita pa ena. Akulu-akulu anati nkhwangwa yobwereka sikhala kuguluka. Ngati makampani akulu cotere amataya kapena kutseka, wolemba wa ku Chadiza ayenera kugona khutu limodzi liri panja.

Cifukwa ca ici ndinaika mafunso atatu oyesera nyumba iriyonse. Loyamba, kodi eni ake amapindula ciani posunga zolemba zanga kwaulere? Laciwiri, kodi wowerenga wa foni yaing'ono ndi mabando ocepa angatsegule nkhani zanga mosabvuta? Lacitatu, limene kwa ine ndi lalikulu koposa, kodi ndikafuna kucoka adzandilola kunyamula katundu wanga yense?

Nyumba yoyamba imene ndinayendera ndi Blogger. Iyi ndi nkhalamba pakati pa zinzake, popeza inayamba mu 1999 ndi kampani yaing'ono ya Pyra Labs, ndipo Google inaigula mu 2003. Ubwino wake ndi woonekeratu. Saika malonda pa tsamba lako pokha-pokha iwe mwini utafuna, ndipo ngati wadzigulira dzina lako-lako la pa intaneti amakulola kuligwiritsa nchito osakulipiritsa kanthu. Masamba ake ndi opepuka, cinthu cothandiza kwambiri kumadera kumene netiweki imabwera ndi kupita. Koma maonekedwe ake ndi acikale, ndipo zatsopano zimabwera mwa apo ndi apo. Cinanso, zonse zimapacikika pa akaunti yako ya Google, ndipo kuyambira mu December 2023 kampaniyi inadzipatsa mphamvu yofafaniza akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa nchito. Munthu akadwala nthawi yaitali kapena akamwalira, abale ake osadziwa mau acinsinsi otsegulira, zolemba zake zikhoza kumtsata kumanda.

Yaciwiri ndi WordPress.com, imene kampani ya Automattic inatsegula mu 2005. Pano ulere uli ndi mtengo wake. Eni ake amaika malonda ao pansi pa nkhani zako, ndipo ndalama yake sulawako. Danga la zithunzi ndi locepa, ndipo ukafuna dzina lako-lako uyenera kulipira caka ndi caka m'ndalama za kunja. Koma pali cinthu cimodzi cimene cimaisiyanitsa ndi zinzake. Makina ake amayendera pulogaramu ya WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003, ndipo pulogaramuyi ndi yomasuka kwa aliyense kuitenga ndi kuiika pa makina ena. Tanthauzo lake ndi lakuti ukatulutsa fayilo ya zolemba zako, ukhoza kukailowetsa kwa wosunga masamba wina aliyense amene amagwiritsa nchito pulogaramu yomweyo, ngakhale wa mu Lusaka momwe, ndipo mitu, masiku ndi magulu a nkhani zimakafika mwadongosolo. Iri ngati nyumba ya lendi imene zitseko ndi malata ndi zako, zoti tsiku losamuka ukhoza kuzula.

Yacitatu ndi Medium, imene Evan Williams anayambitsa mu 2012. Mkuluyu ndi mmodzi mwa omwe anayambitsa Blogger ndi Twitter. Kulembamo nkosabvuta ndipo nkhani zimaoneka zaudongo, koma tsamba la aliyense limafanana ndi la mnzake ngati nyumba za m'komboni ya kampani. Kuyambira mu 2017 Medium inayamba kukhala ndi mamembala olipira mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani zambiri kumeneko zimatsekeredwa kuti awerenge olipira okha. Wolemba ali ndi ufulu wosiya zake zosatseka, komabe khamu la owerenga kumeneko ndi la Cingerezi. Nkhani ya Cinyanja yosimba za cinamwali ingakhale ngati mlendo pa ukwati wa anthu osam'dziwa.

Anzanga ena anandiuza kuti ndisadzibvute, ndingoika zonse pa Facebook popeza ndi kumene kuli anthu athu. Nzoona kuti anthu ali kumeneko, ndipo pouza anthu kuti nkhani yatsopano yatuluka palibe malo oposa amenewo ndi WhatsApp. Koma nkhani ya lero imakwiririka mawa, ndipo kupeza zimene unalemba zaka zisanu zapitazo ndi nchito yotopetsa. Gawo lao lolembamo nkhani zazitali, lochedwa Notes, analiimitsa mu 2020. Pamsika mpogulitsira ndiwo, mbeu zimasungidwa m'nkhokwe.

Nchito yeni-yeni yosamutsa iri ndi misampha iwiri imene owerenga ayenera kuidziwa. Woyamba ndi wa zithunzi. Fayilo imene umatulutsa nthawi zambiri imanyamula mau okha, ndipo m'malo mwa cithunzi imangolozera kumene cithunzico ciri kunyumba yakale. Ukafulumira kutseka kwakale usanaone kuti zithunzi zafika kwatsopano, udzapeza mabowo m'nkhani zako. Ndi bwino kukopera zithunzi zonse padera, ndi kutsegula nkhani imodzi-imodzi kuti uone ngati yafika yathunthu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Msampha waciwiri ndi wa keyala. Aliyense amene anasunga keyala ya nkhani yako, kapena kuitumiza kwa mbale wake ku Kitwe kapena ku Johannesburg, adzapeza citseko cotseka ukasamuka. Mankhwala ake ndi kusiya uthenga kunyumba yakale wonena kumene wapita, ndipo kwa amene angakwanitse, kugula dzina lao-lao limene limayenda nao kuli konse. Maina othera ndi .zm amayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA.

Nditayesa zonsezi, ndinasankha WordPress.com. Malonda ao sandikondweretsa, ndipo pa kupepuka kwa masamba Blogger inandikoka mtima. Koma funso lacitatu ndi limene linagamula mlandu, cifukwa ndikudziwa kuti kusamuka kumeneku sikotsiriza. Wina amene salemba kawiri-kawiri, amene afuna tsamba lopanda malonda, sangalakwe kusankha Blogger, malinga ngati atsegula akaunti yake nthawi ndi nthawi ndi kuuza wacibale wodalirika za mau otsegulira.

Cimene ndifuna kutsindika kwa olemba anzanga ndi ici: nyumba iriyonse imene mungasankhe, musaiyese nkhokwe yanu yokhayo. Mwezi uli wonse tulutsani fayilo ya zolemba zanu, muisunge pa kompyuta ndi pa fulashi, ndipo nkhani zimene muzikonda koposa muzisindikize pa pepala. Nyuzi ndi mabuku osindikizidwa m'dziko muno zimasungidwa ku National Archives mu Lusaka, kumene adzukulu athu angakaziwerenge. Zimene tilemba pa intaneti ziribe mlonda wotere. Zolembedwa m'cinenero cathu ndi zocepa kale pa intaneti, ndipo tsamba limodzi la Cinyanja likataika, kawiri-kawiri palibe wina amene analikopera. Udindo wozisunga uli m'manja mwa ife amene tinazilemba.