Mantha a mayi, mphamvu za khanda

Mayi akalowa m'chipinda chochiriramo, ife azamba timayamba tayang'ana nkhope tisanagwire mimba. Wamantha sabisika: milomo gwa, manja ozizira, maso ali pakhomo. Mayi wotere matenda amatha kumuimira, ngakhale kunyumba anayamba bwinobwino.

Nkhani yake ili m'magazi. Chiberekero chimakoka mwamphamvu chifukwa cha homoni ya oxytocin, pomwe mantha amatulutsa adrenaline, imene imafooketsa kukokako ndi kuchepetsa magazi opita kwa mwana. Mzamba wokalipira mayi amangotalikitsa matenda. N'chifukwa chake mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi aliyense azikhala ndi munthu wodzisankhira yekha pochira. Dzanja la mayi ake likamusisita msana, mzamba n'kumati "pumani bwino mayi, njira ikutseguka", mapewa amatsika ife tikuona.

Kwa khanda zimasiyana. Likamapanikizika m'njira, adrenaline ndi noradrenaline zimakwera kuposa mmene zimakwerera mwa munthu wamkulu amene ali pa zoopsa. Hugo Lagercrantz ndi Theodore Slotkin anafotokoza zimenezi mu 1986, ndipo anati kupanikizikako n'kothandiza. Mahomoniwa amachotsa madzi m'mapapo kuti mpweya ulowe, amatulutsa shuga m'chiwindi, amayatsa mafuta otenthetsa thupi, ndiponso amakankhira magazi ku mtima ndi ku ubongo. Khanda lija limatuluka maso ali tong'o, lokonzeka kufunafuna bere. Ana obadwa pa opaleshoni mayi asanamve matenda sadutsa m'zimenezi, ndipo ndi amene kawirikawiri timawaona akupuma mothamanga tsiku loyamba.

Khanda tikalipukuta, timaligoneka pachifuwa cha mayi, khungu ndi khungu, n'kuwafunditsa chitenje chouma. Kulira kumatha msanga, thupi silizizira.

Palinso cortisol, amene amakwera mwa mwana masiku akamayandikira n'kukhwimitsa mapapo. Graham Liggins wa ku New Zealand anazindikira izi pofufuza nkhosa za bere: anaona kuti tiana tobadwa masiku asanakwane tikutha kupuma ngati tinalandira mankhwala ofanana ndi cortisol tili m'mimba. Mu 1972 iye ndi Ross Howie anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi ku Auckland. Jakisoni wa dexamethasone amene timabaya mayi amene matenda amuyamba mimba isanakwane masabata 34 anachokera pamenepo, ndipo mzamba aliyense ayenera kudziwa kabati imene amasungidwamo, chifukwa amafunika kubayidwa nthawi ikadalipo.