Kuchoka ku Soshanguve kukaona chigwembe cha Motlatse

Madzulo a Lamlungu, makina osokera akaphimbidwa ndi nsalu, tebulo la telala wina wa ku Soshanguve limasanduka malo okonzera ulendo. Pamakhala mapu akale a misewu ya South Africa, kope la sukulu lolembamo ndalama, ndi chitini cha mkaka chomwe chakhala chikulandira marandi kuyambira mu Januwale. Mozungulira tebulolo mumakhala bambo ndi mayi, omwe kwawo ndi ku Mulanje, ana awo awiri obadwira ku Pretoria, ndiponso agogo, mayi awo a bamboyo, amene afika posachedwapa pa basi kudzaona zidzukulu.

Nkhaniyi idayamba ndi funso la mwana. Tsiku lina banjali likuchokera m'tauni pa msewu wa R80, pamalo pomwe msewuwu umadutsa m'kati mwa mtandadza wa Magaliesberg, mnyamata wa zaka 11 adafunsa bambo ake ngati phiri la kwawo limafika pamenepo kutalika kwake. Bamboyo adaseka n'kuyankha kuti poyerekeza ndi Mulanje, chimenecho n'chulu. Koma usiku umenewo tulo sadatione bwino. Iye adakulira m'munsi mwa phiri lomwe nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002, ndipo ali mwana ankasambira m'madzi ozizira a mtsinje wa Likhubula. Ana ake sadaonepo phiri lobisa mutu wake m'mitambo, ngakhale mathithi ogwa kuchokera pathanthwe.

Kupita nawo kumudzi n'kumene kukadakhala kwabwino, koma ulendo wodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza umatenga masiku awiri pa basi, ndipo mtengo wa anthu anayi, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo katundu wa abale, umadya phindu la miyezi yambiri. Choncho maso adaloza kum'mawa, ku chigawo cha Mpumalanga, komwe mapiri a Drakensberg amathera mwadzidzidzi pa phompho loyang'ana kuchidikha. Kumeneko n'kumene kuli chigwembe cha mtsinje wa Blyde, womwe mu 2005 boma lidaubwezera dzina lake lakale la Motlatse. Kuchokera ku Soshanguve ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 400.

Malo omangidwira anthu osayembekezeka kuyenda

Kuti munthu amvetse kulemera kwa ulendo wotere, ayenera kudziwa chiyambi cha Soshanguve. Boma la tsankho lidakhazikitsa malowa mu 1974, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Pretoria, kuti kuzikhala anthu akuda omwe sadali Atswana, pa nthawi yomwe dera loyandikana nalo la Mabopane linkakonzedwa kukhala mbali ya Bophuthatswana. Dzina lenilenilo lidalumikizidwa kuchokera ku maina a mitundu inayi: Sotho, Shangaan, Nguni ndi Venda. Pa kalembera wa 2011 kudapezeka anthu oposa 400,000, ndipo lero pakati pawo pali Amalawi, anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique, ambiri a iwo atelala, amisiri omanga nyumba, ogwira ntchito za m'nyumba ndi a malonda ang'onoang'ono.

Omwe adajambula mapu a malowa ankafuna kuti okhalamo azidziwa njira imodzi yokha, yopita ku ntchito m'mawa ndi kubwerera madzulo. Malamulo a ziphaso zoyendera adathetsedwa mu 1986, ndipo lamulo la 1953 lomwe linkapatula malo achisangalalo potengera khungu lidafafanizidwa mu 1990. Malamulowo adapita, koma chizolowezi chidatsala. M'mabanja ambiri kukwera galimoto kukangoona mapiri kumaonekabe ngati za azungu kapena za anthu olemera. Kwa Mmalawi wa ku Joni nkhaniyi imakula koposa, pakuti randi iliyonse imakhala ili ndi mwini wake kumudzi: ya feteleza, ya fizi, ya malata, ya kuchipatala.

Mfundo imeneyi ndi yomwe mayi wa m'nyumbamo adaigwiritsitsa poyamba. "Abambo," adatero, "kumudzi akamva kuti tawononga ndalama kukaona miyala, tidzawayankha chiyani?" Adali ndi chifukwa chomveka. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, banjali lidatha chaka chathunthu likutumiza ndalama zomangira nyumba ya mchemwali wake. Mgwirizano udapezeka pamene adamvana kuti ndalama ya kumudzi isachepe ngakhale mwezi umodzi. Ya ulendo idayenera kuchokera ku ntchito zapadera, monga kusoka mayunifomu a sukulu mu Januwale, ndi ku gawo lina la chipereganyu cha mayiyo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Njira, nyengo ndi masamu

Tsamba loyamba la kopelo ndi la msewu. Akachoka m'ma 5 koloko m'mawa, adzatsika ndi R80 kulowa m'Pretoria, kenako n'kutenga N4, msewu waukulu wopita ku Maputo, kudutsa eMalahleni ndi Middelburg, dera la migodi ya malasha ndi nyumba zopangira magetsi. Pa chigawo chimenechi pali zipata ziwiri zolipirira msewu, cha Diamond Hill ndi cha Middelburg, zofanana ndi za ku Chingeni ndi Kalinyeke kwathu, ndipo ndalama yake yalembedwa payokha, kupita ndi kubwera. Pa eMakhazeni, pomwe ambiri amatchulabe kuti Belfast, adzakhotera mu R540 kudzera ku Dullstroom, tauni yozizira yomwe ili pamwamba pa mamita 2,000, mpaka ku Mashishing, kale Lydenburg. Kuchoka apo msewu wa R37 umakwera Long Tom Pass, dzina lochokera ku mizinga ikuluikulu yomwe Mabunu adagwiritsa ntchito pomenyana ndi Angerezi mu 1900, n'kutsikira ku Sabie. Usiku awiri adzagona ku Graskop, m'nyumba yolipira yomwe alendo amadziphikira okha, pakuti mayiyo adawerengera kuti chakudya cha m'malesitilanti cha anthu asanu kwa masiku atatu chingapose mtengo wa mafuta. Ufa, nyemba, usipa wobwera ndi agogo ndi mpoto zili kale pa mndandanda.

Za mafuta bamboyo adachita masamu osavuta. Galimoto yake yakale imamwa malita 7 pa makilomita 100 alionse. Ulendo wonse, kuphatikizapo kuzungulira malo oonera, adauyerekeza pa makilomita 1,000, kutanthauza malita 70, ndipo adawonjezerapo malita 10 chifukwa cha zitunda. Ndalama ina adaipatula ya makaniko kuti aone mabuleki, madzi a injini ndi matayala, osaiwala la sipeya, popeza misewu ina ya m'derali yakhala ikudziwika ndi maenje ndi malole onyamula mitengo.

Nyengo nayo idawatengera nthawi. Ambiri amayenda mu Disembala, koma imeneyo ndi nthawi ya mvula, pamene nkhungu imatha kuphimba phompho tsiku lonse, munthu n'kubwerera atangoona zoyera zokhazokha, monga zimachitikira ku Mulanje chiperoni chikagwa. Ndi nthawinso yomwe misewu imadzaza ndipo ngozi zimachuluka. Banjali lidasankha tchuthi cha sukulu cha pakati pa chaka, nyengo yozizira ndi youma, pamene kumwamba kumakhala koyera ngakhale kuti madzi a m'mathithi amachepa. Udzudzu wa malungo umavuta kuchidikha, makamaka m'dzinja, ndipo ana okulira ku Pretoria matupi awo sadazolowere matendawa. N'chifukwa chake adaganiza zogona pamwamba pa phompho osati kumunsi.

Tsamba lomaliza ndi la mapepala, ndipo ndi lomwe lili ndi mzere wofiira pansi pake. Lamulo loona za olowa ndi kutuluka m'dzikomo la 2002 limalola apolisi kufunsa munthu umboni woti ali ndi chilolezo chokhalamo, ndipo zipata za apolisi pa misewu ikuluikulu si zachilendo. Mapasipoti, ziphaso zokhalira, makalata obadwira a ana, laisensi yoyendetsera ndi chiphaso cha galimoto zonse zaikidwa mu envulopu imodzi. Agogo adalowa ndi chilolezo cha masiku 30 chomwe Amalawi amapatsidwa pa chipata, choncho ulendowu uyenera kuchitika masikuwo asanathe. Anzake ena a telalayu, omwe mapepala awo adatha kalekale, atamva za ulendowu adangopukusa mitu. Kwa iwo dziko la South Africa limathera pa siteji ya matakisi, ndipo akhoza kukhalamo zaka khumi osaona china choposa msewu wa ku ntchito.

Zomwe zikuwadikira

Mtsikana wamkulu, wa zaka 15, ndi amene adapatsidwa ntchito yofufuza malo. Tsiku lachiwiri adzayamba m'mamawa ndi God's Window, pomwe thanthwe limatsika mamita pafupifupi 700 ndipo kukayera munthu amaona chidikha chonse cha kum'mawa. Kenako mathithi a Lisbon, otalika mamita 94, ndi a Berlin, mamita 80, maina osiyidwa ndi okumba golide ochokera ku Ulaya. Golideyo adapezeka ku Pilgrim's Rest mu 1873, ndipo tauniyo, yomwe adzaidutse pobwerera, idasungidwa ndi nyumba zake zakale za malata.

Chigwembe chenichenicho n'chotalika makilomita 26 ndipo kuya kwake kumafika mamita oposa 700. Mosiyana ndi Grand Canyon ya ku America, yomwe ili m'chipululu, chino n'chobiriwira ndi mitengo. Tsidya lake kuli nsonga zitatu zooneka ngati nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, zomwe alendo amazitcha Three Rondavels. Anthu a mtundu wa Mapulana adazipatsa maina a akazi atatu a mfumu Maripi Mashile, yemwe adagonjetsa ankhondo a Aswazi mu 1864: Magabolle, Mogoladikwe ndi Maseroto. Malowa amayang'aniridwa ndi bungwe la Mpumalanga Tourism and Parks Agency, ndipo mtsikanayo adalemba kuti adzafunse kumeneko za mitengo yolowera ndi malo omwe ali otsegula asananyamuke. Safunsa adadya phula.

Kukongola kwa malowa kuli ndi mbiri yowawa. Pofuna kupereka malo ku minda ya azungu, nkhalango yotetezedwa ndi damu la Blyderivierpoort, mabanja akuda, kuphatikizapo a Moletele, adasamutsidwa, ndipo ena adayamba kubwezeredwa malo pansi pa lamulo lobweza malo la 1994. Amayi ogulitsa ziboliboli ndi nsalu pa malo oimikira magalimoto amachokera m'midzi yozungulira, komwe ntchito n'zosowa. Mayi wa ku Soshanguve uja, amene amadziwa kuwawa kwa kukhala tsiku lonse osagulitsa kanthu, adaumiriza kuti m'kopemo mukhale mzere wa kandalama kogulira kanthu kwa amayi anzakewo. Bamboyo naye adaona kufanana kwina. Minda ya paini yozungulira Sabie ndi Graskop imamwa madzi ambiri a m'mitsinje, ndipo paini yemweyo adalowerera pa phiri la Mulanje, pomwe mkungudza watsala pang'ono kutha. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo iye akufuna kuti ana ake akadzafikako adzakhale atadziwa kale kuyang'ana phiri.

Asanalowe mu ulendo waukuluwo, banjali lidayesa kaye mphamvu zake pafupi. Kumpoto kwa Soshanguve kuli Tswaing, dzenje lalikulu loposa kilomita imodzi m'mimba mwake ndi mamita 100 kuya, lomwe lidakumbika ndi mwala wogwa kuchokera kumwamba zaka pafupifupi 220,000 zapitazo. Dzinali m'Chitswana limatanthauza malo a mchere. Telalayu wakhala pafupi ndi malowa zaka zoposa khumi osapondako. Loweruka limenelo adaphunzira zinthu ziwiri: galimoto imatentha ikakwera chitunda, ndipo mawondo a agogo salola kuyenda nthawi yoposa theka la ola. Makaniko adasintha paipi ya madzi, ndipo pa mndandanda padawonjezeka mpando wopinda.

Pomwe mitsinje iwiri imakumana

Pa malo onse omwe mdzukulu wawo adawawerengera, agogo adasankha amodzi. Makilomita 35 kumpoto kwa Graskop kuli Bourke's Luck, pomwe madzi ozungulira ndi timiyala adaboola thanthwe n'kupanga maenje osalala ngati mitondo. Pamenepo m'pomwe mtsinje wa Treur umathira mu Blyde. Mbiri imati mu 1844 Hendrik Potgieter adasiya gulu lake m'mbali mwa mtsinje wina n'kupita kukafufuza njira ya ku Delagoa Bay, komwe lero kuli Maputo. Atachedwa kubwera, otsalawo adaganiza kuti amuna awo afa, ndipo mtsinjewo adautcha Treur, kutanthauza chisoni. Atanyamuka, adakumana nawo ali amoyo pa mtsinje wachiwiri, womwe adautcha Blyde, chimwemwe.

Agogo atamva zimenezi adakhala chete kwa kanthawi. Mu Epulo 1974, chaka chomwe Soshanguve idakhazikitsidwa, ndege ya Wenela yonyamula ogwira ntchito m'migodi idagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Iwo adali mtsikana wongokwatiwa kumene, ndipo mwamuna wawo adali ku Joni, nthawi yake yobwerera itakwana. Kwa masabata angapo sadadziwe ngati adali m'ndegemo. Adadzafika pambuyo pake ndi sutikesi ndi bulangete, ndipo mpaka imfa yake ankanena kuti za dziko lino adaona mpanda wa komboni ndi mdima wa pansi pa nthaka basi.

"Mwanawe," adatero agogowo kwa mdzukulu wawo, "kwinako ndikhoza kutsala m'galimoto. Koma pokumana mitsinjepo mukandigwire dzanja, ndikafike."

Mtsikanayo adalemba m'kopemo kuti pa Bourke's Luck adzakhalapo maola awiri m'malo mwa limodzi, ndipo mathithi a Berlin adawaika chizindikiro choti akhoza kudumphidwa nthawi ikachepa. Bamboyo adatsegula chitini, nawerenga ndalama kachiwiri pamaso pa onse. Zidapereweza za chipata chimodzi cha pobwerera. Pa makina padali madiresi atatu a ukwati oti atengedwe Lachisanu.