Za Magetsi a Dzuwa ndi Masukulu a Kutali

Kamwala ndi malo a malonda mu mzinda wa Lusaka, pafupi ndi njanji. Amwenye anamanga masitolo ao kumeneko kale lomwe, ndipo kufikira lero anthu a ku Kanyama, Chawama, Matero ndi Kalingalinga amapitako kukagula nsalu, mapoto ndi zina zotere. Koma m'caka ca 2024 malonda a ku Kamwala anasintha. Pakhomo pa masitolo ambiri panaoneka mapanelo a sola, mabatire ndi nyali zodya dzuwa, ndipo anthu anazigula monga agula ufa m'nthawi ya njala.

Cimene cinacititsa zimenezi ndi cilala. Magetsi ambiri a m'Zambia acokera ku madzi. Pa mtsinje wa Zambezi pali cipupa cacikuru ca Kariba, cimene cinatha kumangidwa m'caka ca 1959. Madzi a m'nyanjamo agwa ndi mphamvu nazunguza makina, ndipo makinawo ndiwo apanga magetsi. Tsono mvula ya caka cimeneco inakana, cimanga cinapsa m'minda, ndipo pa 29 February 2024 Boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka. Madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, kotero kuti mwa makina 6 a ku tsidya la Zambia anatsala amodzi okha ogwira nchito. Pofika mwezi wa September nyumba zambiri zinkakhala zopanda magetsi maora 21 pa tsiku.

Osoka zobvala anakhala cabe, ometa tsitsi anasowa cocita, ndipo ana a sukulu anawerenga mabuku ao pa kandulo, ena osawerenga konse. Komatu masiku onsewo dzuwa linali kuwala pa malata a nyumba zao kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Makala akapsa asanduka phulusa, parafini akatha m'botolo watha ndithu, koma dzuwa lituluka mawa monga linaturukira dzulo, ndipo mphepo siileka kuomba. Cifukwa cace anthu ati mphamvu ya dzuwa ndi ya mphepo ndiyo mphamvu yosatha.

Koma kugula panelo ndi kwina, kuidziwa ndi kwinanso. Munthu wosadziwa aiika pa mthunzi wa mtengo wa mango, kapena aisiya ndi pfumbi la mwezi wa October, kapena akama batire kufikira ifa. Pambuyo pace adandaula kuti wa sitolo anamnyenga, pamene cosowa cinali nzeru. Nzeru imeneyi siigulidwa ku Kamwala. Iphunziridwa ku sukulu. Ndipo kawiri kawiri yafika ku masukulu a kuno kucokera ku maiko akutali, monga akuru anena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, kunali mnyamata dzina lace William Kamkwamba. Pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ace analephera kumlipirira sukulu ya sekondale, ndipo anabwerera kumudzi. Pa sukulu ya pulaimale ya kwao panali kanyumba ka mabuku amene anacokera ku America. M'menemo anapeza buku lochedwa Using Energy, la zithunzi za makina oyendera mphepo. Cingerezi cinambvuta, koma zithunzizo anaziyang'anitsitsa masiku ambiri. Pamenepo anatola njinga yakutha ya atate wace, dainamo, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, namanga makina ace ali ndi zaka 14. Anthu anamseka, nati wapenga. Koma mphepo itaomba, babu linayaka. Pambuyo pace anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndi ku Dartmouth College ku America kumene anatsiriza m'caka ca 2014. Buku linacokera kutali, koma manja amene anamanga anali a ku Wimbe.

Caka comweco ca 2014, masukulu a sekondale a ku Nkhata Bay, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, anapambana mphotho yochedwa Zayed Future Energy Prize, yocokera ku Abu Dhabi. Mphothoyo inali madola 100,000. Eni masukuluwo sanangogula nyali ndi kugawira anthu iai. Anamanga malo ophunzitsira anyamata ndi atsikana kulumikiza mawaya, kuika mapanelo pa denga ndi kukonza zimene zaonongeka. Anaganiza bwino, pakuti nyali yopatsidwa ikafa mdima ubweranso, koma mudzi umene uli ndi mmisiri wace sugona mu mdima nthawi yaitali.

Kulinso bungwe la ku London lochedwa SolarAid, limene linayamba m'caka ca 2006. Pofuna kufikitsa tinyali ta dzuwa ku midzi ya m'Zambia ndi m'Malawi, linadzera mwa aphunzitsi akuru a masukulu. Mwana ankamva za kanyaliko m'kalasi, nakafotokozera makolo ace kunyumba. Ndipo makolo, poona kuti mwana awerenga usiku popanda utsi wa koloboyi, anakhulupirira.

Asaganize wina kuti m'cibwenzi cotere ana a kuno angolandira cabe. Ana a masukulu awiri akamalemberana makalata, onse apindula. M'mwezi wa December mwana wa ku London aona dzuwa ngati maora 8 okha pa tsiku, pamene wa ku Lusaka ali nalo maora 13. Mwana wa ku London akaimika ndodo pabwalo dzuwa lili pamutu, cithunzithunzi cace ciloza kumpoto caka conse. Koma ku Kamwala, miyezi yambiri ya caka, ciloza kumwera. Akauzana zimenezi, onse awiri azindikira cifukwa cace panelo ya ku England iyang'ana kumwera, ndipo ya ku Lusaka iyenera kuyang'ana kumpoto. Palibe mmodzi wa iwo akadadziwa bwino cinthu cimeneci pa yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndipo kuyamba maphunziro amenewa sikulira ndalama. Mwana atenge zitini ziwiri zofanana, cimodzi acipake mwaye kuti cide, cinaco acisiye coyera. Athire madzi ofanana m'zonse ziwiri, naziike pa dzuwa. Patapita ora limodzi apisemo cala, ndipo adzapeza kuti madzi a m'citini cakuda atentha kuposa enawo. Kumeneko ndiko kuyamba kudziwa kugwira mphamvu ya dzuwa. Ngati kwao kuli panelo, aipukute ndi kansalu konyowa m'mawa isanatenthe, aone kuti nthambi kapena zobvala zoyanika siziiphimba ngakhale pa ngodya imodzi, ndipo azime nyali zimene sizifunika kuti batire isafe msanga.

Dziko la Zambia layamba kale kuchera dzuwa ndi misampha yaikuru. Kumwera kwa Lusaka kuli minda iwiri ya mapanelo, Bangweulu ndi Ngonye, imene inayamba nchito m'caka ca 2019, ndipo ku Chisamba anatsegula munda wina wa mamegawati 100 m'caka ca 2025. Akatswiri ocokera ku France, Italy ndi China anathandiza kumanga minda imeneyi. Koma alendo akatha nchito yao abwerera kwao, ndipo mapanelo atsala kuno zaka zambiri. Amene adzawasamala ndi kumanga ena ndiwo ana amene lero akhala pa mabenci a sukulu ku Kamwala, ku Mtendere ndi ku George.

MAFUNSO

1. N'cifukwa ciani magetsi anasowa mu Lusaka m'caka ca 2024?
2. Chulani zinthu zimene William Kamkwamba anamangira makina ace.
3. Kodi panelo ya ku Lusaka iyenera kuyang'ana kuti? Fotokozani cifukwa cace.
4. Yesani za zitini ziwiri zija, ndipo mulembe m'buku lanu zimene mwapeza.