Kumene Chichewa changa chimathera

Ndinali ndi masiku asanu okha a tchuthi, njinga yobwereka kwa alamu anga, ndi mapu a msewu wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Msewu wonsewo sindikanaumaliza, choncho ndinayenera kusankhapo chigawo chimodzi. Amayi atamva anaseka: "Sukulu yonse ija, mwana wanga, n'kukathera kupikisana ndi a kabaza?"

Kolowera sikunandivute. Mu Julaye mwera umawomba kuchokera kum'mwera, ndiye wanzeru amapalasa cha kumpoto kuti mphepo izimukankha kumsana. Chovuta chinali poyambira.

Chigawo cha Salima mpaka Nkhotakota n'chosalala, koma msewu umayenda patali ndi nyanja, ndipo madzi umawaona bwino ukafika pa mlatho wa Chia. Cha Chiweta mpaka Karonga ndicho anzanga ankachitama, poti kumeneko msewu umapanikizika pakati pa madzi ndi mapiri a Livingstonia. Ndikanafuna zithunzi zokha, ndikanapita kumeneko.

Ndinasankha chapakati, Nkhotakota mpaka Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Chifukwa chake n'chochititsa manyazi pang'ono. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala munthu amene ena amamuyang'ana akasowa mawu. Ndinazolowera mpando umenewo mpaka ndinayamba kudula anthu pakamwa, kuwamalizira ziganizo asanamalize okha. Ndinkafuna msewu woti undilande chilankhulo pang'onopang'ono, pa liwiro la njinga.

Zinaterodi. Nditadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, Chichewa chinayamba kuchepa m'misika, Chitonga n'kumachuluka. Pafupi ndi Bandawe, kumene amishoni a ku Scotland anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, tayala langa linaphwa. Agogo ena aamuna amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango anandifotokozera njira ya kwa wokonza njinga. Ndinatolapo mawu atatu basi. Akanatha kusinthira ku Chichewa, koma sanatero, ndipo ine sindinawapemphe. Ndinadikira mpaka anamaliza, ndikuyang'ana dzanja lawo ndi kumene ankaloza ndi mlomo.

Wokonza njingayo ndinamupeza kuseri kwa chigayo, pamalo enieni amene ananena.

Nditabwerera, amayi anandifunsa ngati nyanja ya kumpoto ndi yokongola kuposa ya kwathu. Ndinayamba kuwayankha, koma anali asanamalize funso, ndiye ndinakhala chete.